Akadwalire Kwawo

Ine ndinakwatira mwa chitengwa. M'malo moti ndikamange nyumba kwawo kwa mkazi monga amachitira akamwini, ndinapempha abale ake kuti andilole kumutenga, tidzakhale kwathu kuno ku Dowa, kumtunda kwa Madisi, kumene ndinkaphunzitsa pasukulu ya mpingo. Kwawo kunali ku Ntchisi, m'chigwa china kuseri kwa mapiri. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndiye amene anamulera anali mlongo wake wamkulu, yemwenso anali mwini mbumba. Iyeyo ndi amene anavomera pempho langa. Pamaso pa ankhoswe anandiloza ndi chala nati, "Aphunzitsi, mumve bwino. Ndangokubwerekani, sindinakupatseni." Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Alamu angawo anali mlimi wa fodya, munthu wamtali, wa mawu aakulu, woti akamafika pakhomo agalu a mudzi wonse amadziwa. Kutchalitchi ankaonekako pa Khirisimasi ndi pa maukwati. Ine ndine wina. Sindidziwa nthabwala, ndipo nkhani ikafika pokoma ndimachedwa kuseka. Ndi mkazi wanga tinakhala mwamtendere zaka zonse. Tinalera ana awiri amene tsopano ali kutali ndi ntchito, tinkapemphera limodzi m'mawa uliwonse, ndipo sindikumbuka tsiku limene tinagona osalankhulana. Koma uthenga ukangofika woti alamu akubwera, ankasesa pabwalo kawiri, n'kuvala chitenje chimene ankasungira maulendo. Akafika, mkazi wanga ankaseka kuseka kwina kumene sindinkakumva tikakhala awiri, kuseka kogwira m'mimba, kopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ankakumbutsana za mbuzi ina imene inadya sopo, za mkulu wina amene anathawa ng'ombe yake yomwe mpaka kukwera mumtengo, za anthu oti ine sindinawaonepo. Ine ndinkakhala pambali ndi makope a ana a sukulu, kumachonga, khutu lili kwa iwo.

Sindinanenepo kanthu. Ndikananena chiyani, kwa yani? Mwamuna akamachita nsanje ndi munthu amene akuzembera mkazi wake, ankhoswe amamumvera. Koma nsanje ya pa mlamu ilibe bwalo.

Matenda a shuga anamupeza mkazi wanga nditatsala pang'ono kupuma ntchito, kenaka kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ankamwa osaphonya. Tchalitchi chathu chili pamwamba pa chitunda, ndipo m'zaka zomalizirazo ndinaona kuti tikamakwera Lamulungu m'mawa ankaima panjira. Ankamasula chitenje n'kumanganso, kapena kundifunsa kuti munda wa chimanga chachikasu uwo ndi wa yani, chikhalirecho mwini wake ankamudziwa. Ine ndinkayankha, n'kumadikira. Ndinkati ndi ukalamba.

Tsiku lina m'nyengo yokolola, tikumwa tiyi, kapu inamupulumuka. Nditamuyang'ana ndinaona kuti pakamwa papotokera mbali imodzi, ndipo mawu ankatuluka olemera ngati a munthu woledzera. Tinapita kuchipatala, anamuonjezera mankhwala, ndipo m'masiku ochepa zonse zinabwerera m'malo. Pobwerera kunyumba anandigwira mkono nati, "Bambo, izi achimwene asamve. Akamva abwera ndi phokoso, mudzi wonse udziwa." Ndinalonjeza. Kunena zoona, ndinakondwera kuti pali kanthu kamene tikudziwa ife awiri basi.

Patangopita milungu ingapo, masana ena m'nyengo yozizira, tinali pakhonde kutong'ola chimanga. Anaika pansi chitsononkho n'kugwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kamphepo.

"Bambo, pali chandikhalira apa. Ngati thumba la feteleza."

Ululu unakwera mpaka m'nsagwada, kenaka anasanza. Mnansi wathu amene ali ndi galimoto yonyamula mbewu anatithamangitsira kuchipatala cha mishoni. Kumeneko dokotala anamupatsa asipirini kuti atafune, namuika kapaipi ka mpweya m'mphuno, namumata timawaya pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo. Makina anatulutsa kapepala kautali ka mizere yokhotakhota. Anakayang'ana nthawi ndithu, kenaka anati mtsempha wina umene umadyetsa mtima watsekeka, ndipo mbali ina ya mtimawo ikufa chifukwa chosowa magazi. Anati tipite ku Lilongwe nthawi yomweyo. Ambulansi inalipo, dalaivala analipo.

Mkazi wanga anafunsa, "Achimwene akudziwa?"

Kwathu kuno mkazi wa chitengwa akadwala kwambiri sumunyamula kupita naye kutali abale ake asanamve. Akakafera m'njira, mwamunawe uli ndi mlandu. Amakufunsa kuti unamutenga bwanji ngati mbuzi ya m'khola mwako. Ndinaimba foni ya alamu, sinalowe, pakuti m'chigwa mwawo netiweki imafuna munthu akwere pachulu. Ndinaimbira wagolosale wina wa pamtunda, iye anati atuma munthu kuchigafa kumene alamu ankasankha fodya.

"Uthenga wapita, mayi. Tiyeni tikwere, atipeza komweko."

"Sindikwera asanafike."

"Ine ndine mwamuna wanu. Mlandu ukakhalapo ukhala wanga."

"N'chifukwa chake sindikwera."

Dokotala uja anagwada pambali pa bedi. "Amayi, mtima sudikira mlongo. Nthawi ikamapita mbali ina ikufa, ndipo yafayo sidzukanso." Mkazi wanga anangotseka maso. Ndinachonderera, ndinatchula ana athu, ndinatchula malonjezo a tsiku la ukwati wathu. Ankangopukusa mutu, milomo itachita mbuu.

Dzuwa linapendeka tikudikira. Kenaka kunja kunamveka njinga yamoto, ndi mawu aakulu aja. Alamu analowa fumbi lili thupi lonse, m'manja muli utomoni wa fodya, osapereka moni kwa aliyense.

"Iwe! Ukudikira chiyani pano? Ukufuna ndikubereke kumsana ngati kale? Kwera galimoto!"

Mkazi wanga anatambasula mkono kuti amudzutse. Ine ndinalankhula masana onse osaphula kanthu. Iwo anangofunika kulankhula kamodzi.

Namwino anati kumbuyo kwa ambulansi kukwere wachibale mmodzi. Ndisanatsegule pakamwa, phazi la alamu linali kale pachitsulo chokwerera. Ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala. Pakati panali kawindo kakang'ono, ndipo njira yonse ndinkamva alamu akungolankhula. Penapake, titadutsa Mponela, ndinamva mkazi wanga akuseka, kaseko kofooka.

Mawu ake aja oti "n'chifukwa chake" ndawatembenuza kambirimbiri kuyambira tsikulo. Mwina ankanditeteza ku mlandu. Mwina ankangoopa kufa asanaone nkhope ya mlongo wake. Masiku ena ndimakhulupirira choyambacho.

Kuchipatala chachikulu tinapeza dokotala wamkazi, wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri. Ndinadabwa kuti atamvera pachifuwa sanathere pomwepo. Anavula mkazi wanga masokosi n'kuyamba kupapasa pamwamba pa mapazi ndi kuseri kwa akakolo, kufunafuna pamene magazi akugunda, ndipo anafuna nthawi yaitali. Anamvera m'khosi mbali zonse ziwiri, anamveranso pamimba. Kenaka anafunsa ngati miyendo imapweteka poyenda n'kuleka akaima.

"Ayi," ndinatero ine.

"Imapweteka, adokotala," anatero alamu. "Inayamba kalekale. Akatumba amachita kukokana. Chitunda cha kutchalitchi kwawoko sachimaliza osaima. Mapaziwo amazizira ngati a chule."

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye sanandiyang'ane. Ine ndi amene ndinkayenda pambali pake Lamulungu lililonse, n'kumayankha mokhulupirika za minda ya anthu.

Dokotala anafunsanso ngati anayamba wafapo dzanja kapena mwendo, ngati pakamwa panapotokapo, ngati mawu analemerapo.

"Ayi, zimenezo ayi," anatero alamu msangamsanga.

"Zinachitika," ndinatero ine. "Nyengo yokolola yomwe ino." Ndipo ndinafotokoza za kapu ija.

Alamu ananditembenukira kukamwa kuli yasa. Kwa kanthawi mumtima mwanga munakoma ngati ndamwa madzi a mumtsuko pochokera kumunda, pamene mkazi wanga anali gone pakati pathu akupuma movutika. Nsanje ndi yotero, siyang'ana malo.

Dokotala anati zimene ndanenazo n'zofunika kwambiri. Ulipo jakisoni wamphamvu amene amasungunula magazi oundana mumtsempha wa mtima, koma amathandiza munthu akabayidwa msanga, ndipo kwa amene wangodwala kumene sitiroko angathe kutulutsa magazi mu ubongo. Nthawi yake inali itapita, komabe ngakhale tikanafika msanga sakanamubaya. Anamubaya wina wocheperako mphamvu, wa pamimba, n'kumugoneka m'wodi.

M'mawa mwake, atapima magazi ndi kujambula mtima, anatiitanira pakhonde la wodi. Anafunsa kuti mwamuna wake ndi uti, ndipo polankhula ankayang'ana ine. Anati matendawa si a mtima wokha. Mitsempha ya thupi lonse yachepa m'kati chifukwa cha mafuta amene akhala akuunjikana kwa zaka, mothandizidwa ndi shuga: ya m'miyendo, ya m'khosi yopita ku ubongo, ngakhale ya ku impso. Mtima wangokuwa mokweza kuposa zinazo.

"Ndiye kuti ngalande zonse za m'dimba zadzaza matope?" anafunsa alamu.

"Mwamva bwino, bambo."

"Ndiye kumbani!"

Dokotala anamwetulira pang'ono. Anati ilipo njira yolowetsa kachubu kudzera mumtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche n'kukatsegula potsekekapo, koma odwala ofunika zimenezo ankawatumiza kutali, ndipo odikira anali ambiri. Komanso kwa munthu ngati mkazi wanga, polowera pake ndi m'mitsempha yomweyo yowonongekayo. Kachidutswa ka mafuta aja kakhoza kuthothoka n'kukatseka ku ubongo, ndipo mankhwala amene amathira kuti mitsempha ioneke pojambula amapweteka impso zofooka kale.

"Mukatsegula ngalande imodzi, zinazo zikadali momwemo," anatero. "Sindikunena kuti palibe chochita. Chochita chilipo, koma ndi cha tsiku lililonse."

Anatchula mitundu iwiri ya mapiritsi oletsa magazi kuundana, ena otsitsa mafuta, ena opumitsa mtima kuti usamathamange, ndi kusamala shuga. Anati magazi akaundana atseka njira, akasungunuka kwambiri atulukira posayenera, ndiye tiziyang'anitsitsa nkhama, mphuno ndi chimbudzi chakuda. Mapazi tiziwaona tsiku ndi tsiku, chifukwa kabala kakang'ono pa chala chosafikiridwa bwino ndi magazi kangathe kudulitsa mwendo. Aziyenda pang'onopang'ono pamalo osakwera, ndipo utsi wa fodya usamuyandikire. Ponena zomalizazi anayang'ana zala za alamu, zimene zinali zachikasu.

Mafunso onse anafunsa ndi alamu. Ine ndinangomvetsera n'kusunga.

M'wodi ya amayi mwamuna sakhalamo, ndiye amene ankamusamalira anali akazi awo a alamu, amene anatitsatira ndi mapoto ndi zofunda. Ife awiri tinkakhala kunja pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna ena, kudikira nthawi yoona odwala. Pamenepo ndi pamene alamu anandifunsa.

"Za pakamwa zija, bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa."

"Inenso za miyendo anandiletsa." Anamenya bondo n'kuseka. "Kamwana kameneka! Katigawira matenda ngati nyama ya pa Khirisimasi, uyu mwendo, uyu mutu!"

Amuna ena aja anaseka nawo. Ine ndinkaganiza kuti chigawo chawo anachisunga zaka, changa milungu yokha.

Chitseko chikatsegulidwa alamu ankakhala kumutu kwa bedi, ine kumiyendo, kufunditsa mapazi ozizira aja m'manja mwanga. Alamu ankasimba nkhani, wodi yonse kumaseka, ngakhale amene anali pa diripi. Tsiku lina mayi wa bedi loyandikana anandikodola. "Abusa, mukamaliza kwa banjali mudzatipempherereko ifenso." Ankayesa kuti alamu ndiwo mwamuna, ine ndine mbusa wodzazonda odwala. Ndinamupempherera, ndipo sindinamukonze.

Dokotala atatiuza kuti mkazi wanga atuluka, alamu ananditengera pambali, pafupi ndi mpanda.

"Alamu, nkhani ndi yachidule. Akadwalire kwawo."

"Kwawo ndi kumene wakhala zaka zonsezi."

"Kumeneko ndi ku ukwati. Mphamvu zake mwadya ndinu, sitinadandaule. Matenda ndi athu."

"Chipatala chili pafupi ndi kwathu. Kwanuko mvula ikagwa ngakhale njinga sitsika. Ndipo mankhwalawa akufuna munthu wowatsatira."

"Mukuti ife sitidziwa m'mawa ndi madzulo? Aphunzitsi, uyu ndinamubereka kumsana amayi atamwalira, ndinkamutafunira chimanga. Musandiphunzitse kumusamala."

"Sindikukuphunzitsani. Ndikuti ndi mkazi wanga."

"Ndipo ndi mbumba yanga. Tiyeni tikamufunse mwini wake."

Ndinavomera msanga chifukwa ndinalibe chikayiko. Nyumba anaimanga ndi ine, mitengo ya mapeyala anadzala ndi manja ake, anzake oimba nawo kutchalitchi anali kwathu. Ndinapemphera, koma sindinapemphe kuti kufuna kwa Mulungu kuchitike. Ndinapempha kuti mkazi wanga andisankhe.

Tinamufunsa atakhala pabedi, katundu atamangidwa kale. Anatembenukira kwa ine.

"Bambo, musandimve molakwa. Ndikufuna ndikamwe madzi a kwathu."

Alamu sananyadire, pamenepo ndiwayamike. Anangonyamula chikwama n'kutuluka. Ine ndinati, "Chabwino, mayi," ndipo ndinawaperekeza kokwerera basi za ku Ntchisi.

Ndinabwerera ndekha. Chimanga chija chinali pakhonde pomwe tinachisiya, nkhuku zitachimwaza. Ndinakhala masiku angapo ndikudziuza kuti munthu wamkulu sathamangira mkazi amene wasankha kwawo, kuti ndizikamuzonda mwezi ndi mwezi monga amachitira ena. Koma m'mawa uliwonse nthawi ya mapiritsi ikakwana ndinkaona m'maganizo alamu akumupatsira ndi manja awo, kapena ataiwala, ndipo sindidziwa chimene chinkandipweteka kwambiri pa ziwirizi. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinapempha akulu a mpingo anzanga kuti andimasule kaye pa ntchito za mpingo. Nkhuku ndinasiyira mnansi, ndinakhoma chitseko, n'kukwera njinga yamoto kulowera kumapiri.

Alamu anandiona ndikutsika ndi chikwama, nayamba kuwomba m'manja.

"Anthu inu, tulukani mudzaone! Mkamwini wafika! Wachedwa mpaka imvi, koma wafika! Khasu lili apo, alamu, munda wa apongozi ukudikira."

Mudzi wonse unaseka. Mkazi wanga anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Iye sanaseke. Anangosendera pang'ono kundisiyira malo.

Anatipatsa kanyumba pafupi ndi nkhokwe, ndipo tsiku tinaligawana popanda kupangana. M'mawa unali wanga. Ndinkamupatsa phala ndi mapiritsi, kenaka ndinkasambitsa mapazi ake ndi madzi ofunda n'kuyang'ana chala chilichonse ndi m'kati mwa zala. Alamu akamadutsa ndi khasu ankati, "Aphunzitsi akuchonga. Lero wakhoza zingati?" Tikatero tinkayenda kanjira kotsata m'mbali mwa phiri, kopanda chitunda, kopita ku mitengo ya masuku. Dokotala anati aziyenda mpaka akatumba ayambe kuwawa, aime mpaka aleke, ayambenso. Tsopano sankamasulanso chitenje. Ankangoti, "Apa, bambo," n'kutsamira paphewa panga. Poimapo ankandionetsa malo: apa ndi pamene panali nyumba ya amayi, uwo ndi mtengo umene mkulu uja anakwera pothawa ng'ombe. Anthu a m'nthabwala zawo ndinayamba kuwadziwa mmodzimmodzi, ena akadali moyo, okalamba, akundipatsa moni wa mkamwini.

Pa kuima kwina kotero ndinalimba mtima n'kumufunsa chifukwa chimene anauzira mlongo wake za miyendo, ine ayi.

"Inu mukanamva, mukanadwala kuposa ine," anatero. "Mukanasiya kudya, mukanayamba kundiyang'ana ngati dzira. Achimwene ndikawauza amangonditukwana, amati ulesi, n'kutha."

"Ndiye kwa ine mumayenera kulimba?"

"Kwa inu ndine mayi wa panyumba. Kwa achimwene ndine mwana."

Ananena mokoma mtima, ndipo ndikudziwa kuti ankandilemekeza. Koma pobwerera ndinkalakalaka ndikanakhala munthu woti angathe kumulirira ngati mwana, ngakhale tsiku limodzi.

Masana ndi madzulo anali a alamu. Ankabwera kuchokera kumunda, atasuta kaye kuseri kwa khola monga tinawapempha, n'kudzakhala pamphasa. Ine ndinkasenda nsungwi kapena kukonza mpanda, ndipo kuseka kuja kunkandipeza komweko. Kunali kochepa tsopano, kodukizadukiza chifukwa cha mpweya, koma kunali komwe kuja. Ndinayesapo kamodzi kumuuza nthabwala imene ndinamva kumsika. Anamwetulira mwaulemu nati, "Inu bambo, zisiyeni zimenezo."

Tsiku lina nkhama zinatuluka magazi akutsuka mano, ndipo alamu anakalipa. "Mankhwala anuwa akumumaliza! Mwana akulavula magazi, inu mukungomuthira mapiritsi!" Anafuna tisiye, akatenge mizu kwa munthu wina wa kuseri kwa phiri. Ine ndinati tikafunse kaye kuchipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi ndi kumene dokotala anatiletsa kwambiri. Tinakwezerana mawu koyamba chikwatirire changa. Mkazi wanga anatiyang'ana tonse awiri nati, "Achimwene, za mankhwala asiyireni bambo." Alamu anadzuka n'kupita kumunda osadya. Mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu yodzala. Kuchipatala anapima magazi, nati tipitirize, azingotsuka mano ndi kanthu kofewa.

Anakhala nafe chilimwe chimenecho, dzinja lonse, anadya maungu oyamba, anaonanso kukolola. Mankhwala ndinkakatenga ndine ku Madisi mwezi uliwonse, kumene ankamudziwa. Ndinkanyamuka mamawa n'kubwerera dzuwa litapendeka. Ulendo wina wotero, mitengo ya m'phiri itayamba kuphukira masamba ofiira, ndinamusiya atakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anandituma mchere ndi ulusi wakuda. Pobwerera, ndisanatsike njinga, ndinaona amayi a m'mudzi atakhala pabwalo duu, osalira, pakuti maliro salira eni ake asanauzidwe. Alamu anandichingamira panjira. Analandira kathumba ka mankhwala m'manja mwanga n'kumakayang'ana ngati sakudziwa pokaika.

"Alamu, khalani pansi."

Anati ululu unabwera dzuwa lili paliwombo, ngati tsiku loyamba lija, koma wachangu. Anatuma munthu kukafuna galimoto, koma isanapezeke zinali zitatha. Anatsirizika mutu uli pamiyendo pawo.

"Ananena chiyani?"

"Anafunsa ngati mwafika."

"Basi?"

"Basi."

Alamu ndi munthu wodziwa kuuza anthu zimene zingawapepuze mtima. Sindinawanenepo kuti ananama, ndipo sindikunena pano. Koma mawu omaliza a mkazi amene ndinakhala naye moyo wanga wonse ndinawalandira kuchokera pakamwa pa munthu wina, ndipo kulibe kwina kokawafunsa.

Tinamuika kumanda a kwawo, pafupi ndi amayi ake. Mwambo wa maliro utatha, ana athu atabwerera ku ntchito, abale anasonkhana kuti andisudzule, ndiko kundimasula pa ukwati. Analankhula ndi alamu, monga mwini mbumba. Anati ndinasunga bwino mlongo wawo, ndilibe mlandu, ndine womasuka kubwerera kwathu, ngakhale kukwatira ngati ndifuna. Mawu awo aakulu aja anali atasasa.

M'mawa mwake anandiperekeza kumsewu atandinyamulira chikwama. Tikudikira njinga, ndinawapempha kuti andiuzenso za ola lomaliza lija, zonse: anagonera mbali iti, maso anali otsegula kodi, anagwira dzanja liti, anavutika nthawi yaitali bwanji. Ndinali nditawafunsa kale kangapo. Ulendo uno anaponya chikwama pansi.

"Alamu, mukulifuna ola limenelo? Litengeni! Ine ndikangotseka maso ndimamuona akusakasaka mpweya, akundiyang'ana kuti ndichitepo kanthu, manja awa alibe chochita. Inu mukamukumbuka mumamuona akusankha nyemba. Mukuganiza kuti wodala ndani pakati pa ife?"

Anapukuta kumaso ndi chipewa, natola chikwama chija n'kuchisansa fumbi.

Ndinamva zimene ankanena, ndipo ndikukhulupirira kuti pamenepo ankanena zoona. Ndinawagwira dzanja n'kuwathokoza chifukwa cha kanyumba ndi zonse. Njinga inafika, ndinakwera. Koma zikanakhala zinthu zopatsana, ola limenelo ndikanalilandira ndi manja awiri, iwo n'kutsala ndi nyembazo.